Bwanji azimayi achiyuda akakwatiwa amaphimba tsitsi? Mafunso ndi mayankho

Ndinagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni zaka 6, dera la Glenhazel komwe kumakhala Ayuda ambiri ogwiritsitsa chipembedzo chawo, aja amawatchula kuti Orthodox. Chibwerereni kumudzi, makamaka chiyambire achinyamata athu kupita ku Israel kukagwira ntchito m'minda kumapeto kwa 2023, mafunso amene anthu amandifunsa ndi omwewomwewo, ena ofunadi kudziwa ena ongomva mphekesera pa Facebook, nde ndati ndingowaika pamodzi. Ine si Myuda ayi, ndine mayi wa Mvano. Zimene ndalemba apazi ndi zomwe ndinaona ndi maso angawa, zomwe madamu anga ankandifotokozera tikusenda mbatata kukhitchini, ndi zina zomwe ndinadzawerenga pambuyo pake chifukwa nkhaniyi inandikhala pamtima.

Kodi ndi zoona kuti mzimayi wachiyuda akakwatiwa saonetsanso tsitsi lake?

Kwa ena ndi zoona, koma si onse. Ayuda ali m'magulu angapo. Amene amasunga mwambowu ndi a Orthodox, ndipo ngakhale pakati pa iwowo alipo ophimba tsiku ndi tsiku, alipo ophimba popita ku sunagoge basi kapena poyatsa makandulo a Sabata Lachisanu madzulo. A Reform ndi a Conservative ambiri saphimba, nanji aja osapembedza nkomwe. Ku Tel Aviv mutha kuzungulira tsiku lonse osazindikira kuti kuli mwambo woterewu, koma mukangolowa Bnei Brak, tauni yongogundana nayo, pafupifupi mzimayi aliyense wapabanja waphimba.

Atsikana osakwatiwa saphimba. Tsitsi lawo limakhala pamtunda, pena lolukidwa pena longomangidwa kumbuyo.

Ine miyezi itatu yoyamba sindinadziwe kuti madamu amavala wigi. Ndinkangosirira kuti koma mayiwa ali ndi tsitsi labwino, lofika m'mapewa, losasokonekera olo kuwombe mphepo. Tsiku lina ndikupukuta fumbi kuchipinda kwawo ndinatsegula wodulobu, nkupeza tsitsi lija lili phee pa kamutu kochita kupanga, ngati timitu tija timationa m'masaluni. Mtima unandigunda, ndinayesa mayiwo akudwala khansa koma akundibisira. Madzulo ndinalimba mtima nkufunsa, iwo anangomwetulira nkundikhazika pansi, ndipo kucheza kwathu pa nkhani imeneyi kunayambira pomwepo.

Lamuloli lili pati m'Baibulo? Ine sindinalionepo.

Simunalione chifukwa vesi lonena mwachindunji kuti mkazi wapabanja aziphimba kumutu mulibe m'mabuku asanu a Mose. Pamene marabi amaloza ndi pa Numeri 5:18, nkhani ija ya mkazi amene mwamuna wake akumuganizira chigololo ndiye amapita naye kwa wansembe kukamwa madzi owawa, pamenepo akuti wansembe amasule tsitsi la mkaziyo. Liwu lachiheberi lili pamenepo ena amalimva kuti kuvundukula, ena kumasula malukidwe. Aphunzitsi akale anati ngati wansembe akuchita kumuvundukula kumutu pofuna kumuchititsa manyazi, ndiye kuti masiku ena onse mkazi wapabanja ankayenda ataphimba.

Kenako pali Mishnah, buku la malamulo a pakamwa lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD. Pa Ketubot 7:6 imasiyanitsa zinthu ziwiri, dat Moshe lomwe ndi lamulo la Mose, ndi dat Yehudit womwe ndi mwambo wa akazi achiyuda. Kutuluka panja mutu uli pamtunda inakuika ku mbali ya mwambo, limodzi ndi kupota ulusi pamsika, ndipo akuti mkazi wochita zimenezi banja likatha atha kuluza ndalama zija mwamuna anamulonjeza m'kalata ya ukwati yotchedwa ketubah. Koma Talmud, mabuku a zokambirana za marabi akale pofotokozera Mishnah, pa Ketubot 72 inadzafunsa kuti ah, mukuti mwambo bwanji pomwe zili kale m'Chilamulo pa Numeri paja? Yankho lake nkukhala lakuti mwa Chilamulo olo kadengu kosenza pamutu nkokwanira, koma mwambo wa akazi achiyuda umafuna chophimba chenicheni popita kumsika. Kadengu kameneko amakatcha kalta. Ine pamenepa pamandisangalatsa, chifukwa mwadzidzidzi ndimaona mzimayi weniweni atasenza dengu lake ulendo wa kumsika, osangoti azibambo a ndevu akutsutsana m'mabuku.

Buku lomwe a Orthodox ambiri amalitsatira lero ndi Shulchan Aruch, lolembedwa ndi Rabi Yosef Karo nkusindikizidwa ku Venice mu 1565, ndipo mmenemo zinalembedwa poyera kuti ana aakazi a Israeli asamayende pamsika mitu ili pamtunda.

Nde kuti tsitsi la mzimayi amaliona ngati chinthu chonyansa kapena chochititsa manyazi?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Nzoona kuti mu Talmud pa Berakhot 24a mphunzitsi wina dzina lake Rav Sheshet anati tsitsi la mkazi ndi ervah, liwu lomwe pa Chichewa tingati umaliseche kapena malo obisika a thupi, ndipo ukangolimva chonchi umadzidzimuka. Koma taonani vesi limene anatsamirapo, Nyimbo ya Solomo 4:1, pomwe mnyamata akutamanda wokondedwa wake kuti tsitsi lake likunga gulu la mbuzi zotsetsereka paphiri la Gileadi. Ndi vesi lachikondi limenelija, lotamanda kukongola. Komanso zimene ankakambirana pamenepo nzakuti mwamuna akamanena pemphero la Shema, ndi zinthu ziti zomwe siziyenera kukhala patsogolo pake kuopa kuti maganizo angapite kwina.

Ndinawafunsa madamu kuti nanga ngati tsitsi ndi umaliseche, bwanji mwana wanu wamkazi wa zaka 17 akuyenda nalo pamtunda, tsitsi lake si tsitsi? Anandiyankha kuti tsitsi silisintha, chimasintha ndi munthuyo, tsiku la ukwati pamakhala chinachake chomwe chimasanduka cha anthu awiri basi, ndiye kuphimbako nkumadzikumbutsa wekha m'mawa uliwonse komanso kuwauza akunja. Anandipatsa chitsanzo cha mpukutu wa Tora, mabuku asanu a Mose aja, ku sunagoge, kuti umavekedwa nsalu yokongola nkutsekeredwa m'kabati kuseri kwa katani, si chifukwa ndi wonyansa koma chifukwa ndi wopatulika.

Yankho limenelo ndimalilemekeza ndipo ndinaona kuti iwo amalikhulupiriradi. Koma ndisabise, alipo azimayi ena achiyuda ndithu amene amati mafotokozedwe okomawa anabwera pambuyo, chiyambi chake ndi amuna kuikira akazi malamulo, ndipo katundu yense akusenza ndi mkazi. Nawonso ndimawamvetsa. Mnzawo wina wa madamu ankanena poyera kuti iye amaphimba chifukwa ndi lamulo la Mulungu basi, koma kukonda sakukonda, ndipo zaka 20 zadutsa akulisowabe tsitsi lake likamawombedwa ndi mphepo.

Amaphimba ndi chani kwenikweni?

Mayina ambiri ndi a chilankhulo cha Yiddish chomwe ankalankhula Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya. Tichel ndi duku kapena mpango, pa Chiheberi amati mitpachat. Sheitel ndi wigi. Snood ndi kathumba ka nsalu kapena kolukidwa kokhala ndi lasitiki, umangolowetsamo tsitsi lonse nkulendewera kumbuyo, kameneka nkomwe madamu ankakhalira pakhomo pophika. Pali fall, wigi ya theka yomwe imayambira pakati pa mutu ndipo kutsogolo amaphimba ndi lamba wansalu kapena chipewa. Pali shpitzel ya magulu ena a Hasidim, nthambi ya Orthodox yokhwimitsa miyambo, ili ndi duku lokhala ndi kachidutswa kutsogolo kongofanizira tsitsi koma koonekeratu kuti si tsitsi. Ena nchipewa chabe.

Munthu wozolowera amatha kudziwa gulu la mzimayi pongoona kumutu. Ku Mea Shearim mu Jerusalem azimayi a gulu la Toldos Aharon amamanga maduku akuda othina kumutu. Azimayi a Chabad, gulu lina la Hasidim, ndi wigi. Ambiri ochokera m'mabanja a ku Morocco, Iraq ndi Yemen ndi mpango. Atsikana ambiri opemphera a ku Israel masiku ano amamanga mipango iwiri itatu yamitundumitundu mosanjikiza, kuimika kumbuyo mpaka kuoneka ngati nduwira ya mfumukazi, mwina mayi wa ku Nigeria atha kusirira.

Koma wigi ina imakongola kuposa tsitsi lenileni, nde kudzilemekeza kwake kuli pati?

Funso ili Ayuda eni ake akhala akukangana nalo zaka zoposa 400 ndipo mpaka lero silinathe. Mawigi atayamba kutchuka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, rabi wina wa ku Italy, Yehoshua Boaz, analemba kuti mkazi wapabanja atha kuvala wigi chifukwa lamulo likunena za tsitsi lomera pamutu pake, osati lodulidwa kale. Rabi Moshe Isserles wa ku Krakow, yemwe Ayuda a ku Ulaya amamutsatira kwambiri, anagwirizana nazo. Ena anakana kwamtuwagalu, amvekere munthu woona patali adziwa bwanji kuti ndi wigi, aziyesa mkaziyu akuyenda mutu uli pamtunda, ndipo chokopa chija chikadalipobe.

M'nthawi yathu ino wotsutsa wamkulu anali Rabi Ovadia Yosef, wobadwira ku Baghdad, yemwe anakhala rabi wamkulu wa Ayuda a Sephardi (aja makolo awo anachokera ku Spain ndi maiko a Aluya) ku Israel kuyambira 1973 mpaka 1983 ndipo anamwalira mu 2013. Iyeyo wigi sankafuna kuimva nkomwe, nchifukwa chake azimayi ambiri omutsatira amamanga mpango. Mbali inayi kunali Rabi Menachem Mendel Schneerson, mtsogoleri wa Chabad ku Brooklyn yemwe anamwalira mu 1994, iye ankati bola wigi kusiyana ndi duku, ndipo chifukwa chake nchomveka kwa aliyense amene anamangapo duku. Duku limatsetsereka, tsitsi nkumasuzumira m'mbali, komanso mzimayi akachita manyazi pakati pa anthu achilendo nkosavuta kungolisolola nkuliponya m'chikwama, pomwe wigi sungaivule pagulu.

Maganizo a ovomereza wigi ngakuti lamulo silinati mkazi wapabanja azioneka wonyasa ayi. Kukongola sikunaletsedwe. Chomwe chikusungidwa ndi tsitsi lakelo, lija lomera pathupi pake. Mmene ndikuonera ine, onse awiri ali ndi mfundo, chifukwa ndinaonapo mawigi ena aatali ofika m'chiuno, kutsogolo kuli kaneti kopyapyala koti olo uyandikire bwanji umayesa tsitsi likumera pakhungu, ndipo marabi ena amene amalola wigi anadandaula nawo amenewa. Nchifukwa chake magulu ena a Hasidim amavala wigi yaifupi kenako nkuikapo kachipewa kapena lamba pamwamba, kuti aliyense aone kuti mutuwu ndi wophimba.

Koma chigamulo chomwe chimandikhudza kwambiri ncha Rabi Moshe Feinstein wa ku New York, yemwe anamwalira mu 1986. Atafunsidwa za mwamuna wofuna kuletsa mkazi wake wigi, anati wigi njololedwa, ndipo olo mwamunayo akhale wokhwimitsa zinthu sangamukakamize mkaziyo, chifukwa lamuloli ndi la mkazi mwini wake.

Liyenera kuphimbidwa lonse kapena pang'ono litha kuoneka?

Apanso pali kusiyana. Rabi Feinstein yemweyo anawerengera chonchi, Talmud imatchula muyeso wa tefach, womwe ndi chikhatho chimodzi, masentimita 8 mpaka 10. Mutu wa munthu m'lifupi mwake ndi ngati zikhatho ziwiri, ndiye kamzere ka tsitsi ka pachipumi kosapitirira zala ziwiri sikafika chikhatho chathunthu, koteroko anati nkololedwa. Mukaona mzimayi wamanga mpango koma kutsogolo kukuoneka katsitsi pang'ono, nthawi zambiri akutsatira zimenezi.

Ena amatsatira Rabi Moshe Sofer wa ku Pressburg, lero ndi Bratislava, yemwe anamwalira mu 1839 ndipo ankati olo tsitsi limodzi lisaoneke. Iwowa amatsamiranso pa Zohar, buku la zinsinsi za Chiyuda, lomwe limakhwimitsa kwambiri nkhani ya tsitsi.

Palinso mbali yachitatu yomwe anthu saitchula kawirikawiri. Ku Lithuania ndi madera ozungulira, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, azimayi ambiri opemphera anasiya kuphimba. Rabi Yechiel Michel Epstein m'buku lake Aruch HaShulchan anadandaula nazo kwambiri, komabe anagamula kuti poti zafala chonchi mwamuna atha kupemphera tsitsi la mkazi likuoneka. Ku Morocco Rabi Yosef Messas anafika ponena kuti kumene akazi onse odzilemekeza anasiya kuphimba, udindowo kulibenso, ngakhale marabi ambiri sanagwirizane naye. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania, nde musadabwe kuona agogo ake a banja mutu uli pamtunda pomwe mdzukulu wawo waphimba. Kwa madamu zinali choncho, mayi awo owabereka ankangovala chipewa ku sunagoge basi, kuphimba kwa tsiku ndi tsiku anakuyamba ndi iwowo.

Nanga m'nyumba mwake momwe?

Mwa lamulo, pamaso pa mwamuna wake ndi pamene palibe mwamuna wachilendo atha kukhala osaphimba, ndipo ambiri amatero. Koma pali nkhani yomwe mtsikana aliyense wa Orthodox amakula akuimva, ya mayi wina dzina lake Kimchit, yolembedwa mu Talmud pa Yoma 47a. Mayi ameneyu ana ake aamuna 7 onse anatumikirapo ngati akulu a ansembe m'Kachisi, mpaka tsiku lina anaona ana ake awiri akutumikira pa udindowo tsiku limodzi. Anzeru atamufunsa kuti mayi munachita chani kuti mulandire zoterezi, anati mitanda ya denga la nyumba yanga sinaonepo malukidwe a tsitsi langa. Chifukwa cha nkhani imeneyi alipo azimayi amene amagona ndi kaduku. Koma muwerenge mpaka kumapeto, anzeruwo anamuyankha kuti ambiri anachita zomwezo koma sanalandire zimenezo. Mawu omalizawa aphunzitsi ena amawadumpha, pomwe alimo m'buku lomwelo.

Ndinamva kuti amameta mpala akakwatiwa, zoona?

Ndi ochepa. Zimachitika m'magulu ena a Hasidim makamaka ochokera ku Hungary ndi madera oyandikana nako, monga a Satmar a ku Williamsburg ndi Kiryas Joel ku New York, a Skver, ndi ena a ku Mea Shearim. Mkwatibwi amametedwa m'mawa wotsatira ukwati, kawirikawiri ndi mayi ake, kenako amapitiriza kumeta nthawi ndi nthawi. Zifukwa zomwe amapereka nziwiri, kuti tsitsi lisadzatulukire mwangozi, komanso za mikveh, dziwe lija mkazi amakamira thupi lonse usiku akatha kusamba kwa kumwezi ndi kuwerenga masiku 7 oyera. Pomira madzi ayenera kufika paliponse, nde tsitsi lopiringizana kapena loyandama pamwamba litha kulepheretsa mwambowo.

Marabi ena amatsutsa kumetaku, amati kumamuchotsera mkazi kukongola pamaso pa mwamuna wake pomwe Chilamulo sichinapemphe zimenezo. Mu 1851 boma la Tsar Nicholas I ku Russia linachita kuletsa akazi achiyuda kumeta, koma mwambowo sunafe. Azimayi ambiri a Orthodox ali ndi tsitsi lawo ndithu kunsi kwa wigi, ena lalitali, amangolipesa bwinobwino asanalowe mu mikveh. Ena mwa amene anatuluka m'magulu ometawo amati tsiku lometedwa ndi lomwe linawapweteka mtima koposa, ndipo ine monga mzimayi sindikuona chovuta kuwakhulupirira.

Amayamba liti, pa tsiku la ukwati lomwelo?

Ukwati usanayambe pali mwambo wa bedeken, mkwati amabwera ndi anzake akuimba nkudzaphimba nkhope ya mkwatibwi ndi velo, kukumbukira Rebeka pa Genesis 24:65 mmene anadziphimba ataona Isake akubwera. Imeneyo ndi nkhope, si tsitsi. Za tsitsi, ena mkwatibwi amalowa kale pansi pa chuppah, kadenga kansalu komangitsira ukwati, atavala wigi. Ena amaphimba akatuluka m'chipinda chomwe awiriwo amakhalamo okha kwa mphindi zingapo mwambo ukatha. Ambiri amayamba m'mawa mwake.

Mwamuna akamwalira kapena banja likatha, amavula?

Kawirikawiri amapitiriza, chifukwa olemba ndemanga pa Shulchan Aruch anati lamuloli likukhudzanso amasiye ndi omwe banja linatha. Koma Rabi Feinstein analolapo mayi wamasiye kusiya kuphimba pomwe zikanamutayitsa ntchito yodyetsera ana ake, analolanso mzimayi wachitsikana yemwe banja linatha, kuti amuna asamamuyese wapabanja nkulephera kupeza banja lina. Zoterezi mzimayi amakafunsa kwa rabi wake payekha.

Zija zoti anawotcha mawigi mumsewu zinali zotani?

Munali mu May 2004. Tsitsi lambiri lopangira mawigi padziko lonse limachokera ku India, ndipo gawo lina limachokera ku kachisi wa Ahindu wa Venkateswara ku Tirupati, m'chigawo cha Andhra Pradesh, komwe anthu miyandamiyanda amakameta mpala pokwaniritsa malumbiro awo, kachisiyo nkumagulitsa tsitsilo. Myuda saloledwa kupindula ndi chilichonse choperekedwa nsembe kwa mafano. Rabi Aharon Dovid Dunner wa ku London anapita ku Tirupati kukaona yekha mmene zimachitikira, atabwerako Rabi Yosef Shalom Elyashiv wa ku Jerusalem anagamula kuti mawigi a tsitsi limenelo ngoletsedwa. Ku Bnei Brak, ku Jerusalem ndi ku Brooklyn anthu anasonkha moto mumsewu nkumaponyamo mawigi a ndalama zambirimbiri, azimayi omwe sanamangepo duku chikwatiwireni anapita kuntchito ndi maduku, mashopu a mipango katundu anatha.

Marabi ena anati ayi, kumetako si nsembe, Mhindu amangosonyeza kudzichepetsa pochotsa tsitsi, ndipo mkanganowu umabukanso nthawi ndi nthawi. Kuchokera pamenepo mawigi ambiri amabwera ndi kalebulo kotsimikizira kuti tsitsilo silinachokere ku kachisi, ngati mmene zimakhalira pa chakudya cha kosher, chija chololedwa ndi malamulo awo. Tisaiwale kuti tsitsi lomwe ife timagula m'masaluni tikulitcha Brazilian, lina ndi la ku India komweko, tangoti sitifunsa.

Wigi imeneyi imagulidwa ndalama zingati, ndipo sipweteka?

Ya tsitsi la pulasitiki njotchipa, koma ya tsitsi la munthu, makamaka lija amati la ku Ulaya losadayidwa, imafika madola masauzande angapo. Pa mabanja a ana ambiri ndi mtolo ndithu, nde m'madera mwawo mumakhala timabungwe tachifundo totchedwa gemach komwe mkwatibwi wosauka atha kupatsidwa kapena kubwereka wigi. Pamakhalanso mzimayi wodziwa kuzichapa, kuzidula ndi kuzikonza, amati sheitel macher, ndipo Pasika kapena Rosh Hashanah, chaka chatsopano chawo, zikayandikira kwa iyeyo kumakhala mzere.

Zopweteka zilipo. Kutentha kwa December ku Joni uli ndi chinthu chothina kumutu tsiku lonse si masewera, thukuta, kuyabwa, mutu kuwawa. Timapini ndi tizipeso togwirira wigi timakoka tsitsi la kutsogolo mpaka kuyambitsa dazi, mofanana ndi mmene mesh yothina imatidyera ife m'mbalimu. Madamu anali ndi kamalo pamwamba pa chipumi komwe tsitsi linasiya kumera, nde anadzasiya mapini nkuyamba kuvala lamba wa veleveti kunsi kwa wigi. Akangolowa pageti chinthu choyamba chinali kuvula wigi nkuvala snood, kenako mpweya wautali uja, ngati munthu wavula nsapato zothina.

Kupatula tsitsi, kudzilemekeza kwawo kumafuna chani?

Liwu lake ndi tzniut, ena amati tznius, ndipo limachokera pa muzu womwewo wa mawu a pa Mika 6:8 onena za kuyenda modzichepetsa ndi Mulungu wako. Pa zovala, malire omwe ambiri amatsatira ndi atatu, zigongono, mawondo olo utakhala pansi, ndi mafupa a m'munsi mwa khosi, zonsezi zisaoneke. Thalauza ambiri savala, ena potengera Deuteronomo 22:5 ena chifukwa limaonetsa mmene miyendo ilili, ngakhale azimayi ena a Modern Orthodox amavala lotakasuka. A Satmar amavala masokosi aatali okhuthala okhala ndi msoko kumbuyo kuti aliyense aone kuti si khungu, amawatcha Palm potengera dzina la rabi wawo Joel Teitelbaum lomwe limatanthauza mtengo wa kanjedza.

Koma tzniut si nsalu zokha. Mumalowa kusadzionetsera chuma, kusakweza mawu pofuna kuti anthu akuone, kusakhala awiriwiri m'chipinda chotseka ndi munthu yemwe si wako, kusagwirana chanza mwamuna ndi mkazi omwe si apabanja. Zimenezi zikukhudza amuna chimodzimodzi. Kachipewa kawo kaja, kippah, nkhani yake ndi ina, kamakumbutsa kuti pamwamba pako pali Mulungu, ndipo amavala ndi anyamata omwe osati okwatira okha.

Kodi sakakamizidwa?

Zimatengera komwe uli. Madamu anasankha okha, mayi awo omwe sankafuna. Koma m'madera otsekeka ngati Kiryas Joel kapena Mea Shearim, mzimayi akati asiye kuphimba, olo angosintha kuchoka pa duku kupita pa wigi, ana ake atha kukanidwa kusukulu, achibale nkumusala, ana ake aakazi kuvutika kupeza mabanja. Pamenepo kunena kuti wasankha yekha nkovuta.

Ndiye pali aja odzipatsa okha upolisi wa zovala. Mu December 2011 ku Beit Shemesh anthu ena oyaluka ankalavulira ndi kutukwana kamtsikana ka zaka 8 popita kusukulu ati sikanavale modzilemekeza, pomwe kanali ka m'banja la Orthodox, manja aatali siketi yaitali. Zitaonetsedwa pa TV dziko lonse la Israel linakwiya, anthu masauzande anachita ziwonetsero, ndipo marabi ambiri a Orthodox anadzudzula. Patangotha mwezi umodzi, mu January 2012, mavenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre anali kuvula azimayi ovala thalauza ndi masiketi aafupi mumsewu, pomwe lamulo la Kamuzu la 1973 loletsa zovala zimenezi linali litachotsedwa kalekale. Ndikaziika pamodzi ziwirizi mtima umandiwawa mofanana. Mwamuna amene akuyang'anitsitsa miyendo ya mwana wa zaka 8 kuti aone ngati yaphimbidwa, wosadzilemekeza ndi iyeyo.

Ku Beit Shemesh komweko kuli kagulu kakang'ono ka azimayi odzifunditsa nsalu zakuda thupi lonse ndi nkhope yomwe. Chimenecho si chiphunzitso cha Chiyuda chodziwika, olo bungwe lokhwimitsa zinthu kwambiri la Edah HaChareidis ku Jerusalem linatsutsa.

Zikufanana ndi duku lathu la kutchalitchi kapena hijabu ya Asilamu?

Zimayandikana koma si chimodzi. Paulo pa 1 Akorinto 11 akunena za kufunda kumutu popemphera ndi ponenera, nchifukwa chake ambiri a ife duku timalikumbuka Lamulungu kapena pa maliro. Hijabu mtsikana amayamba akatha msinkhu, wokwatiwa kapena ayi, ndipo imaphimba ndi khosi lomwe. Kwa Ayuda chimayambitsa ndi ukwati, nkhope ndi makutu zimaoneka, ndolo amavala bwinobwino.

Ndikapita ku Israel kapena ndikapeza ntchito m'nyumba ya Ayuda, nane ndiziphimba?

Ayi, lamuloli silikhudza amene si Ayuda, ndipo palibe anandiuzapo kuti ndimange duku, ndinkamanga mwa chizolowezi changa pophika. Mukamapita ku Khoma la Kumadzulo, malo opatulika opemphererako Ayuda ku Jerusalem, valani zophimba mapewa ndi mawondo, pakhomo pake amabwereketsa nsalu kwa amene alibe, ndipo azibambo amapatsidwa kippah. Polowa Mea Shearim pali zikwangwani zopempha azimayi kuvala bulauzi yotseka ya manja aatali ndi siketi yaitali, osati thalauza, nde chitenje m'chikwama chimathandiza. Bambo wa Orthodox akapanda kulandira dzanja lanu musakhumudwe, si tsankho, amachita chimodzimodzi kwa mkazi aliyense yemwe si wake, ingoperekani moni wapakamwa.

Za m'nyumba, wigi musaichape, musaipese, musaisunthe pa kamutu kake olo muone ngati yachita fumbi, ntchito imeneyo ndi ya sheitel macher ndipo mukaiwononga ndi malipiro a miyezi ingapo. Musaipopere mankhwala opukutira mipando pafupi. Inu monga mzimayi mutha kuona tsitsi la madamu, palibe vuto, koma musawajambule asanaphimbe, ndipo samalani mukamaimba foni ya vidiyo kumudzi kuti asadutse kumbuyo kwanu. Kukabwera mwamuna aliyense pageti, kaya ndi pulambala, kaya wa m'gadeni, kaya wodzasiya katundu, musamulowetse kaye, pitani mukawauze. Ine ndinkangogogoda pachitseko cha kukhitchini nkunena kuti madamu kwabwera abambo, iwo nkutenga snood yomwe inkakhala pa kambedza kuseri kwa chitseko chomwecho, kulowetsamo tsitsi, kusisita m'mbali ndi zala kuona ngati latsalira, kenako nkundiuza kuti alowe.